Sopo pa Mng'alu

A Injiniya sanali injiniya. Ndayamba ndi pamenepo dala, chifukwa ambiri amene ankawavulira chipewa mumsewu ankaganiza kuti mkuluyu ali ndi mapepala a sukulu zapamwamba m'sutikesi. Mapepala akuti? Munthuyu anatha zaka pafupifupi makumi atatu ali kuseri kwa kauntala, m'sitolo yogulitsa mapaipi, mipopi, misomali ndi penti. Koma tisawalande zawo, pa kauntalapo analidi katakwe. Munthu ankabwera ndi kachitsulo kothyoka atakakulunga m'pepala, osadziwa ngakhale dzina lake, iwo n'kungokasuzumira pamwamba pa magalasi, kukwera makwerero, n'kutsika ndi kanzake kenikeni. Akatero ankawonjezera malangizo aulere. Ichi mumayamba mwatseka madzi. Ichi mumakulunga tepi katatu. Nati yapulasitiki mumamanga ndi dzanja, sipanala isayandikire. Mapulambala ongoyamba kumene ntchito ankamvetsera kukamwa kuli yasa, ndipo mmodzi wa iwo ndi amene tsiku lina anati, "Awa si ogulitsa, awa ndi a Injiniya." Dzina lawo lenileni linathera pomwepo.

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti manja amenewo anali asanakonzepo kanthu chibadwire. Moyo wawo wonse ankakhala m'nyumba za lendi. Mpopi ukayamba kudontha, eni nyumba ankatumiza mmisiri, a Injiniya n'kuima kumbuyo kwake manja ali m'thumba, kumamuuza pogwira. Akazi awo okha ndi amene ankawadziwa bwino. Ankati, "Inu sipanala yanu ndi pakamwa." Iwo ankaseka nawo, koma kunali kuseka kwa mano okha.

Kenako zinthu zinagwa motsatana. Sitolo inagulidwa ndi anthu ena amene ankafuna achinyamata odziwa kompyuta. Patatha chaka, akazi awo anamwalira. A Injiniya anatsala okha m'zipinda ziwiri, akuwiritsa tiyi m'poto wa ndiwo, mpaka mwana wawo wamkazi, amene ndi nesi, anabwera ndi galimoto n'kunena kuti zakwana. Anawatenga kukakhala kunyumba imene iye ndi mwamuna wake, mphunzitsi wa masamu, anamanga okha.

Kunyumbako sankasowa kanthu, ndipo n'zimene zinkawadya mumtima. Anapatsidwa chipinda cha adzukulu amene anali kusukulu yogonera konko, chokhala ndi bedi lalifupi ndi khoma lodzaza zithunzi za osewera mpira. Mkamwini wawo anali munthu waulemu wopitirira muyezo. Ankawasiyira mpando wabwino, ankawafunsa kaye asanasinthe wailesi, ankati "apongozi" katatu asanamalize kunena kanthu kamodzi. Ulemu woterowo umalemera. A Injiniya ankadziona kuti ndi pakamwa chabe m'nyumba ya eni, ndipo manyazi ankawagwira nthawi iliyonse akamatambasula dzanja kuti atengenso nyama. Chimene anabwera nacho m'nyumbamo chinali chimodzi chokha, dzina lija. Alendo akabwera, mkamwini ankati, "Awa ndi apongozi anga, a Injiniya," ndipo kwa kanthawi mkuluyo ankawongola msana.

Munthu wina wolowa m'nyumbamo anali Make Mapasa, mayi wa zaka makumi anayi ndi zingapo, amene ankabwera Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu kudzachapa ndi kukolopa. Masiku enawo ankagwira m'nyumba zina ziwiri za mumsewu womwewo, ya kumtunda ndi ya geti lobiriwira. Mapasa akewo ankawalera yekha. Sanali wolongolola, ndipo a Injiniya ankamupatsa moni osamuyang'ana.

Ndiye chimbudzi cha m'nyumba chinayamba kulira. Munthu akagejemula, madzi sankasiya. Ankangotsetsereka pang'onopang'ono, thanki n'kumangoti shiii tsiku lonse, osadzaza. Make Mapasa akagwedeza chogwirira kawiri chinkakhala chete, koma wina akalowamo chinkayambiranso. Tsiku lina akumwa tiyi wam'mawa, mkamwini anati aitana pulambala.

A Injiniya anaika kapu pansi. "Pulambala? M'nyumba muli ine?"

"Ayi apongozi, ndimangoti tisakutopetseni."

"Mapulambala onse mukuwaonawa anadutsa m'manja mwanga. Kantchito ka mphindi khumi aka."

Nesi anawayang'ana bambo ake nthawi yaitali ndithu, kenako anayang'ana m'kapu mwake. Mkamwini yekha anasangalala. Anakatenga bokosi lake la zitsulo kugalaja, analipukuta fumbi, n'kuliika pafupi ndi mpando wa apongozi ake.

Linali Lachitatu. Eni nyumba atapita kuntchito, a Injiniya anapinda manja a malaya, anachotsa chivindikiro cha thanki, n'kusuzumira. Zonse zimene zinali m'menemo ankazidziwa mayina ndi manambala omwe, koma ankazidziwa zili zoyera, zili m'mapaketi pa shelefu. Izi zinali m'madzi, zakuda, zoterera, zolumikizana mwa njira imene pa shelefu sinkaoneka. Anatukula mpira woyandama wa m'thankimo, phokoso linasiya. Anausiya, phokoso linayambanso. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza chimene amafuna, ngakhale panalibe chimene anapeza.

Make Mapasa anaima pakhomo ndi chokolopera. "Agogo, nthawi zambiri kamakhala kalabala ka pansi ako, kotsekera madzi. Kakagwira ndere sikatseka bwino. Kunyumba ya kumtunda ndinangokatsuka, chinasiya."

"Mayi, inu kolopani. Izi n'za anthu amene anaziphunzira."

Ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Zaka zonse zija pa kauntala, a Injiniya anali ndi yankho limodzi kwa munthu wodandaula za chimbudzi: musavutike ndi tizigamba, sinthani chipangizo chonse. Yankho la wogulitsa limenelo, koma iwo anali atalinena kambirimbiri mpaka kulikhulupirira. Anavala jekete, anakwera basi mpaka kusitolo kwawo kwakale, kumene mtsikana wa pa kauntala anawafunsa ngati akudziwa saizi yake. Kufunsa iwo! Anamuuza nambala yake pamtima, anamulozera ndi shelefu yomwe, koma mtsikanayo sanadabwe n'komwe. Anabwerera masana ndi paketi ya chipangizo cholowetsera madzi m'thanki, chatsopano, chonyezimira.

Atalowa m'nyumba anapeza muli zii. Chimbudzi chinali chitasiya kulira.

"Ndakatsuka kalabala kaja, agogo," anatero Make Mapasa akupukuta manja. "Ndagejemula kasanu, chikutseka bwinobwino."

Pamenepo munthu wanzeru akanati zikomo, n'kukabisa paketiyo pansi pa bedi. Koma a Injiniya anaganiza za madzulo. Mkamwini adzafunsa, iwo adzayankha kuti wakonza ndi mayi wokolopa, ndi kaburashi kakale kotsukira mano. Nkhope inawatentha.

"Zimenezo n'zonamiza maso," anatero. "Mawa chiyambanso. Vuto lenileni simungalione inu."

Anatseka kampopi ka pakhoma, anakhuthula madzi m'thanki, n'kugwada. Kumasula chipangizo chakale kunawatengera ola lathunthu, khungu la pachala n'kusupuka. Chatsopano chinalowa bwino pabowo la pansi pa thanki. M'paketi munali nati yapulasitiki ndi kalabala kozungulira, ndipo popeza zaka zonse ankaziona ziwirizi zitagundana m'paketimo, anaziika pamodzi kunsi kwa thanki, kalabala kenako nati. Anamanga ndi dzanja, anatsegula madzi. Dontho. Anamanganso mpaka zala kuwawa. Dontho lina. Thukuta linali kamukamu, mawondo akuphwanya, ndipo ankamva mapazi a Make Mapasa akudutsa m'kolido. Anatambasula dzanja n'kutenga sipanala yaikulu m'bokosi la mkamwini. Mawu awo omwe, amene anauza anthu mazanamazana, anawamva bwinobwino m'mutu. Anapotokola kamodzi, kudontha kunachepa. Anapotokola kachiwiri.

The!

Kaphokoso kake kanali kakang'ono, ngati makapu akagundana m'beseni. A Injiniya anapapasa kunsi kwa thanki ndipo chala chinaupeza: mng'alu woonda, wochokera pa nati kukwera chakumbuyo, mbali ya kukhoma. Madzi anali atayamba kale kuonekera.

Anakhala pansi pa matailosi onyowa. Anadziwa chimene chachitika, chifukwa mathanki otere anagulitsa ambiri kwa anthu amene anachita zomwezi, ndipo ankawaseka akangotuluka m'sitolo. Thanki yadothi ikang'aluka simatika. Kenako anachita chinthu chimene ngakhale ine ndikuchita nacho manyazi pochinena. Anatenga sopo wochapira amene anali pawindo, anamukanda ndi chikhadabo, n'kuyamba kumata mng'aluwo. Anapaka, anapakanso, mpaka madzi anasiya kuonekera. Atatukula mutu, Make Mapasa anali pakhomo. Anali atabwera kudzatenga sopo wake. Anayang'ana sopoyo, anayang'ana sipanala pansi, anayang'ana iwo. Anangotambasula manja awiri, a Injiniya n'kumupatsa sopoyo ali wokumbika mbali imodzi.

Madzulo mkamwini anagejemula katatu, kenako anaitana mkazi wake. "Wamva? Zii. Apongozi, manja anuwa ngodala." Anaimbira foni mphunzitsi mnzake n'kumuuza kuti kwawo pulambala salowako. Nesi anawagawira bambo ake nyama yaikulu.

Lachinayi analowa m'chimbudzimo kambiri kuposa munthu wotsegula m'mimba, mpaka nesi anawafunsa ngati akufuna mankhwala. Ulendo uliwonse ankagwada, kupapasa, n'kuwonjezera sopo wosambira. Ankadziuza kuti mng'alu waima. Munthu akafuna kudzinamiza sasowa mboni.

Lachisanu m'mawa Make Mapasa anabwera, anatsuka chimbudzi monga mwa masiku onse, n'kupita kuseri kwa nyumba kukachapa. A Injiniya sanathe kukhala naye m'nyumba imodzi. Anapita kukameta tsitsi limene silinafike pometa, ndipo anakhala kwa ometawo mpaka dzuwa kufika pamutu. Pobwerera anaona madzi akutuluka pakhomo la kumaso, akutsika masitepe. Thanki inali itagawanika, chidutswa chachikulu chili pansi. Make Mapasa ali kuseri ndi mpopi wotsegula sanamve kanthu, ndipo pamene ankathamangira kukatseka, madzi anali atadutsa m'kolido, atanyowetsa kapeti ya pabalaza, n'kulowa m'kachipinda mmene mphunzitsi anaunjika pansi makope a makalasi atatu oyembekezera kuchongedwa. Inki inali itasungunuka masamba n'kumatana. A Injiniya anamupeza mayiyo atagwada m'madzi, akutola makopewo limodzilimodzi n'kumayala pawindo. Madzi akatayika saoleka, koma iye ankayesabe.

Eni nyumba atabwera, nkhani inakambidwa pabalaza, kapeti itayanikidwa panja. Make Mapasa anaima pafupi ndi chitseko. Mkamwini, atagwira kope limodzi lofufuma, sanakweze mawu.

"Chimbudzichi chakhala bwino masiku awiri. Lero mwalowamo inu ndi ndowa ndi chokolopera. Mwagunda thanki?"

"Sindinagunde, bwana."

"Ndiye yasweka yokha?"

Make Mapasa anawayang'ana a Injiniya kamodzi kokha, n'kubweza maso pansi. Mkamwini anatembenuka.

"Apongozi, inu mukuzidziwa zinthuzi. Thanki ingasweke popanda woigunda?"

Mpata unali umenewo, wotseguka bwinobwino. Akanangoti, "Ndine, ndinamanga kwambiri," basi. A Injiniya anayang'ana zala za kumapazi kwawo. Anaganiza za foni ija ya Lachitatu, za alendo, za mpando wabwino. Kenako anati, "Zadothi izi sizifuna kugundidwa. Ngakhale pang'ono pokha."

Mawu onsewo anali oona, ndipo kuipa kwake kunali pomwepo. Mkamwini anayang'ana mkazi wake. Nesi anapuma mozama, n'kunena akuyang'ana kuwindo, "Amake Mapasa, pumulani kaye. Tikakufunani tikuitanani."

Aliyense amadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Make Mapasa anamasula epuloni, anaipinda bwinobwino, anaiika pa dzanja la mpando, n'kuika makiyi a kuseri pamwamba pake. Atafika pakhomo anati, "Tsalani bwino, agogo." Akanawatukwana zikanapepuka. Amati nkhuyu zodya mwana zinapota akulu, koma apa anadya ndi akulu, wopoteka n'kukhala mayi wa ana awiri.

Loweruka kunabwera pulambala, ndipo tsoka likafuna munthu silichita manyazi: anali yemwe uja amene anawapatsa dzina, tsopano ali ndi imvi zake ndi galimoto yake. Anawagwira dzanja ndi manja awiri, anauza mkamwini kuti zonse zimene amadziwa anaphunzira kwa mkuluyu. Kenako iye ndi a Injiniya anatsala okha m'chimbudzi. Pulambala anatola chidutswa cha thanki, anachipukuta ndi chala chonyowa, thovu n'kutuluka. Anachinunkhiza. Anamasula nati, anaona mano a sipanala atadinda m'pulasitiki.

"Kalabala aka kamakhala m'kati mwa thanki, bambo, osati kunsi," ananena motsitsa mawu. "N'chifukwa chake pankadontha. Amene anamanga apa..."

Anatukula maso, anaona nkhope ya a Injiniya, n'kusiyira pomwepo. Anaponya chidutswacho m'thumba la zinyalala, anachikwirira ndi zina.

"Zimachitika, bambo. Ine sindinaone kanthu."

Kwa mkamwini anangoti yasweka basi, aika ina. A Injiniya anabwerera kuchipinda kwawo, anakhala pa bedi lalifupi lija, mutu uli zyoli. Anali atapulumuka. Mayi uja sananene, pulambala sananene, chidutswa chinapita ndi zinyalala. Sanadzionepo wachabechabe chotero moyo wawo wonse.

Thanki yatsopano inkagwira bwino ntchito. Nesi ankabwera kuntchito atatopa n'kuyamba kuchapa yekha. Mkamwini ankakhala patebulo kukopera malikisi kuchokera m'makope ofufuma, osadandaula, ndipo ankawasiyirabe apongozi ake mpando wabwino. A Injiniya anayamba kudya pang'ono, kenako anayamba kunamizira mano. Lachiwiri lotsatira ali pawindo anaona Make Mapasa ataima pa geti la nyumba ya kumtunda, kachikwama kake m'manja. Geti linatseguka pang'ono, panamveka mawu ochepa, geti n'kutsekedwa. Mayiyo anaima kanthawi, kenako anatsika msewu pang'onopang'ono. Mbiri inali itayenda: ndi woswa zinthu, ndipo akaswa amakana. Lachinayi zinachitikanso chimodzimodzi pa geti lobiriwira, a Injiniya akuonera kuseri kwa katani.

Madzulo a tsiku limenelo anamupeza mwana wawo kukhitchini akutsuka mbale. Anaima pakhomo.

"Mwanawe, thanki ija ndinaswa ndine."

Anafotokoza zonse, za kalabala kotsukidwa, za sipanala, za sopo. Ankayembekeza kuti mbale igwa m'manja mwake. Nesi sanatembenuke n'komwe.

"Ndikudziwa, bambo."

"Wadziwa liti?"

"Lachitatu lomwe lija. Sopo anali m'zikhadabo zanu tikudya. Ndinakaunika ndi foni kuseri kwa thanki, ndinauona mng'aluwo. Ndinati ndiitane pulambala Loweruka inu mutatuluka, kuti musadziwe. Thankiyo sinadikire Loweruka. Mkamwini wanu nayenso anaona sopoyo pa chidutswa, asanafunse aliyense."

A Injiniya anagwira chitseko. "Nanga bwanji munamuchotsa mayi uja?"

Nesi anatseka mpopi, anatembenuka, maso ali ofiira. "Tikanatani? Mkamwini wanu aime pamaso pa wantchito n'kunena kuti apongozi ake aswa chimbudzi n'kumata sopo? Anakufunsani dala, bambo. Ankafuna munene nokha, tonse tiseke, nkhani ithe. Inu munayankha zija. Mutatero, kumusunga mayi uja kukanakhala kukutchulani wabodza m'nyumba mwanga. Ndinasankha inu. Ndinalakwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindikudziona bwino." Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. "Amayi anandiuza kalekale kuti simunagwirepo sipanala. Sitinakutengeni kuti muzikonza zimbudzi. Tinakutengani chifukwa ndinu bambo anga."

Ndiye dzina limene ankaliteteza lija panalibe amene ankalikhulupirira m'nyumbamo. Ankangolinyamula onse, mosamala, kuti mkulu asagwe, ndipo amene anaphwanyika nalo ndi munthu amene anakonza chimbudzicho. A Injiniya anangofunsa kumene Make Mapasa amakhala.

M'mawa mwake anavala jekete ndi chipewa, anayenda theka la ola mpaka kuseri kwa malo owotcherera zitsulo, kumene kunali mzere wa zipinda za lendi. Make Mapasa anali akuyanika mayunifolomu awiri ofanana. Atawaona sanadabwe. Anawatulutsira kampando, iye n'kukhala pa sitepe.

A Injiniya anavula chipewa. Anali atakonza mawu ambiri m'njira, koma amene anatuluka anali ochepa. "Mayi, ndinakulakwirani. Munakonza ndinu, ndinaswa ndine, ndinakusiyani kuti musenze. Ndachita manyazi kwambiri. Mwana wanga akuti mubwerere Lolemba."

Make Mapasa anamvetsera mpaka anamaliza. Anayang'ana m'manja mwake.

"Ndamva, agogo. Tsiku lija ndinakhala chete chifukwa ndinati munthu wamkulu sangandisiye ndigwe. Ndinakuyang'anani kuti munene. Mapasa anga anafunsa kuti ndabwerera msanga bwanji, ndinawauza kuti ndikudwala mutu. Koma pano mukuuza ndani? Ine ndikudziwa kale. Amene sakudziwa ndi a kumtunda ndi a geti lobiriwira. Ine ndilibe mapepala. Anthu amandisiyira makiyi a nyumba zawo chifukwa amati mayi uyu sanama. Chimenecho n'chimene munanditengera, ndipo sichili pano kuti mundibwezere pano."

Sanawakalipire, sanawaperekeze. Anabwerera ku zovala zake.

A Injiniya anayenda ulendo wobwerera pang'onopang'ono kuposa popita. Atafika mumsewu wawo anadutsa geti la mwana wawo osalowa. Kunyumba ya kumtunda kunali galimoto ziwiri panja, ndipo pakhonde panakhala alendo anayi akumwa tiyi ndi bambo a m'nyumbamo. Anaganiza zobwera tsiku lina. Anaima, anatembenuka theka. Kenako anagogoda.

Mayi a m'nyumbamo anatsegula okha, nkhope ili mwee. "A Injiniya, lowani, mwabwera bwino. Timangonena za inu dzulo. Mpopi wa kukhitchini ukudontha, ndiye amuna anga amati tikupempheni mudzationere."

Alendo aja anatembenuka kuti awaone. A Injiniya analowa mpaka pansi pa masitepe a khonde, anakana mpando, anagwira chipewa pachifuwa.

"Mpopiwo muitane Make Mapasa, mayi. Ine ndinali wogulitsa m'sitolo basi. Ndabwera kudzanena za chimbudzi cha kwa mwana wanga, chimene munamva kuti anaswa ndi iye."

Pakhonde makapu anabwerera m'masosala. A Injiniya anayambira pa chiyambi penipeni, osadumpha kanthu. Atafika pa sopo, mmodzi wa alendowo analephera kudzigwira, anaseka mpaka kutsamwa tiyi. Iwo anaima ndi chipewa chawo pachifuwa, anadikira kuti amalize kuseka, n'kupitiriza.